Njinga Yopanda Pobisa Kanthu

Zaka makumi atatu ndi ziwiri a Tsegulani anaima pageti la fakitale ya sopo, ndipo pa zaka zonsezo palibe wantchito anatulukapo osatsegula chikwama. Dzinalo linachokera pomwepo. Lenileni linalipo, lolembedwa pa chiphaso, koma linatha pang'onopang'ono ngati chidendene cha nsapato, mpaka akazi awo omwe akapsa mtima ankati, "Inu a Tsegulani, tamverani kuno."

Anali munthu wamtali, woonda, wa maso aang'ono osakhazikika. Ukawapatsa moni ankayamba ayang'ana kaye matumba ako, kenaka n'kuyankha. Anagwirapo sopo m'masokosi, m'chipewa, m'buledi wobooledwa pakati. Anagwirapo mwana wa mchemwali wawo weniweni, n'kumulemba m'buku ngati wina aliyense, ndipo mchemwaliyo anatha zaka zitatu osaponda pakhomo pawo. Anthu sankawakonda, tisanamizane. Koma panali chinthu chimodzi chimene ngakhale odana nawo ankavomereza: a Tsegulani sanatolepo ngakhale singano ya mwini. Nyumba yawo inali yaing'ono, mipando yake yakalekale, koma mbiri yoyerayo ndiyo inali chuma chawo chonse, ndipo ankainyadira kuposa mmene ankafunira kuti anthu adziwe.

Chaka chawo chomaliza pantchito kunabwera injiniya wina kudzakonza makina, atakwera njinga yamoto ya mtundu umene a Tsegulani anali asanauonepo. Inali yaifupi, yoonda, mahandulo ake otsika moti wokwerayo ankachita kugonera thanki, chishalo cha munthu mmodzi chokhala ndi kanundu kumbuyo. Potuluka injiniyayo anaimitsidwa monga mwa lamulo. A Tsegulani anaizungulira njingayo kawiri kufuna poyambira kusecha, koma poyambira panalibe. Inalibe bokosi, inalibe zotchinga m'mbali, inalibe kaliyala. Atawerama anaona phazi la injiniya kumbali inayo, kudzera pakati pa felemu.

"Imeneyi amati kafe resa, bambo," anatero injiniyayo. "Umatenga njinga yakale n'kuchotsa chilichonse chopanda ntchito. Chotsala ndi chimenechi."

"Ndiye munthu angabise pati kanthu?"

"Palibe. Ngakhale kampango ndimachita kuika m'thumba."

Tsikulo a Tsegulani anafika kunyumba njinga ija ili m'maganizo. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anali ataona chinthu chimene sakanatha kuchikayikira, ndipo anachikonda ndi mtima wonse.

Atapuma pantchito anayamba kufufuza, ndipo patapita miyezi inayi anapeza njinga yakale kwa mayi wina wamasiye. Inali ya malemu amuna awo, ndipo inali itakhala m'chipinda chosungira makasu ndi ndowa zakutha kwa zaka pafupifupi makumi awiri. Matayala anali ataphwa ndi kung'aluka, chishalo chitadyedwa ndi makoswe. A Tsegulani anali asanakwerepo njinga yamoto, ndipo sipanala ankaigwira pomanga bedi basi. Komabe mapepala anawapenda ngati woweruza milandu. Panali manambala awiri aatali. Yoyamba anaipeza itadindidwa pa injini, n'kuiwerenga katatu, chilembo ndi chilembo. Yachiwiri sanaione paliponse, choncho anangoti ndi nambala ya faelo ya ku ofesi. Kufunsa sanafunse, poopa kuti mayiyo angazindikire kuti akugulitsa kwa mbuli.

Njingayo inafika pakhomo pa ngolo yokankha. Akazi awo, amene ankasoka mayunifomu a ana asukulu pakhonde, anaimitsa makina n'kuiyang'ana kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo.

"Bambo, anzanu akapuma pantchito amaweta nkhuku. Inu mwakagula dzimbiri?"

"Mudzaiona ikatha."

"Iyoyo ndi imene ikutheni inuyo. Nanga ine ndizikhala pati, poti mwati mpando ndi wa munthu mmodzi?"

"Inu mumaopa ngakhale yakapalasa, mayi."

"Kuopako ndi kwanga. Koma kufunsidwa kumakoma."

Anasesa kachipinda ka kuseri, n'kuyala nsalu yakale ya pabedi pansi, n'kugula maloko awiri. Bawuti iliyonse imene ankamasula inkalowa m'kabokosi ka machesi kolembedwa kumene yachokera, ndipo timabokosito tinapitirira zana. Mphunzitsi wawo anali foni imene mwana wawo wamkazi anawagulira, koma ngakhale anthu a m'mavidiyo sankawakhulupirira. Wina akati mangani chonchi, ankafuna ena awiri anene zomwezo asanagwire sipanala.

Kulakwitsa analakwitsa ndithu. Anathyolera bawuti ya ekizozi, paipi yotulutsa utsi, mkati mwa injini n'kutha milungu iwiri akuiboola pang'onopang'ono. Kabuleta, imene imasakaniza petulo ndi mpweya, anaimasula ndi kuimanga kasanu, petulo akungotayikira pa nsapato, mpaka anazindikira kuti kachitsulo koyandama ka mkati anakaika chadodolido. Koma kudekha anali nako, pakuti munthu amene waima pageti zaka zonsezo sathamangira kanthu. Mwezi wachisanu ndi chiwiri injini inalira itamangiriridwa pa thabwa, utsi uli tolotolo m'chipinda monse. Akazi awo anathamangira kuseri ndi ndowa ya madzi, n'kuwapeza akuseka okha, misozi ili m'maso. Chikwatiranireni anali asanawaonepo akuseka chotero.

Chinatsala ndi felemu. Inafunika kuidula kumbuyo, kuipindira chitsulo chatsopano chokhalapo chishalo, ndi kuichotsa timakutu tonse timene kale tinkagwira zotchinga ndi kaliyala. Imeneyi sinali ntchito ya foni. Inafuna wowotcherera zitsulo, ndipo wowotcherera analipo m'banja momwemo: mlamu wawo, mlongo wamng'ono wa akazi awo, mwamuna wonenepa wokonda kuseka, wa ovolosi yobookabooka ndi moto.

"Bweretsani, alamu," anatero mlamuyo. "Imeneyo sindikulipiritsani. Ine ndikungofuna ndidzaone nkhalamba itagonera thanki."

Mawu akuti sindikulipiritsani anawakhala pamtima a Tsegulani. Pageti anaphunzira kuti munthu akakusekerera kwambiri, uziyang'ana m'masokosi mwake. Chikomekome cha mkuyu, ankatero, mkati muli nyerere. Choncho asanapereke felemu anadzera kwa wogula zitsulo zakutha n'kuiyeza pa sikelo, pamodzi ndi chitsulo chatsopano chija. Kenaka kwa masiku anayi anakhala pa ndowa yovundikira pakona pa shedi ya mlamu wawo, atavala magalasi akuda, kulondola ndi maso chilichonse chochitika. Kachitsulo kakagwa pansi ankakatola n'kukaponya m'thumba. Mlamuyo ankaseka, koma tsiku ndi tsiku kusekako kunkafupika.

Ntchito itatha, a Tsegulani anatenga felemu ndi thumba la zodulidwa lija n'kubwerera ku sikelo. Panasowa theka la kilo. Anabwerera ku shedi mtima uli m'mwamba, monga ankachitira akamva kulemera kwachilendo m'chikwama cha munthu.

"Alamu, theka la kilo lapita kuti?"

Mlamuyo anakweza chigoba chake chakumaso. "Theka la kilo la chiyani?"

"La felemu yanga. Ndinayeza."

"Munayeza." Mlamuyo anacheukira makasitomala awiri amene ankadikira mageti awo pamthunzi. "Lili pansipa, alamu. Dzimbiri, penti wakale, fumbi la galayinda. Lina lili m'mphuno mwangamu. Nditsegule?"

Makasitomala aja anaseka. Mlamuyo sanaseke.

"Ine ndangofunsa," anatero a Tsegulani.

"Ayi, simunafunse. Mwandisecha pamaso pa anthu, ine munthu amene ndadya nanu mbale imodzi zaka zonsezi."

Mlamuyo ananyamula felemu yekha n'kuiika pa wilibala. Inali yopalidwa bwino, yoyera mbee, kupatula malo amodzi pakhosi, pamene pamalowa chiwongolero. Pamenepo panatsala penti wakale wokhuthala, ndipo mlamuyo anali atamatapo tepi.

"Zotsalazo kachiteni nokha," anatero. "Koma apa pali tepipa musakhudzepo ndi galayinda."

"Chifukwa chiyani?"

"Kafunseni sikelo."

Nkhani inafika kunyumba iwo asanafike. Akazi awo anawaikira tiyi patebulo, ndipo makina osokera analira mwaukali mpaka dzuwa kulowa.

Masiku atatu a Tsegulani anakhala m'kachipinda kaja kuyang'ana tepi. Kuuza munthu wotere kuti apa musakhudzepo n'chimodzimodzi kuuza mwana kuti m'kabati mulibe shuga. Ankadzifunsa kuti munthu wapala felemu yonse, wasiyiranji malo amodzi? Ndipo wasiyiranji pakhosi, pamene pagona moyo wa wokwera? Kapena moto wake wang'alula chitsulo, ndiye wabisa? Tsiku lachinayi m'mawa anamatula tepi. Pansi pa penti panali timizere tosaoneka bwino, tokhotakhota. Mng'alu uja ndi umenewu, anatero.

Anakabwereka galayinda, makina opalira zitsulo, kwa oyandikana nawo, n'kuvala magalasi akuda aja. Galayinda m'manja mwa wophunzira sidziwa mawu akuti pang'ono. Moto unathetheka mpaka kudenga. Penti anachoka, timizere tija tinachoka, koma iwo anapitiriza kukumba kuti atsimikize, mpaka panatsala kadzenje kosalala konyezimira, kokwana chala chachikulu. Mng'alu panalibe. Kunena zoona anakhumudwa pang'ono, pakuti munthu wokayikira sakondwa akapeza kuti palibe. Chimene sanadziwe n'chakuti timizere tija tinali nambala yachiwiri ya pa mapepala, nambala ya felemu, imene mlamu wawo anaiphimba kuti isafufutike. Safunsa anadya phula.

Anapaka felemu penti wakuda, thanki wobiriwira. Chishalo anachisoka akazi awo ndi chikopa cha jekete yakale, akung'ung'udza kuyambira msoko woyamba mpaka womaliza. Timabokosi ta machesi tinatha kamodzikamodzi, osatsala bawuti ngakhale imodzi. Kenaka panabwera ntchito yophunzira kukwera, pabwalo la mpira, Loweruka m'mawa. Anagwa kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anadzuka n'kuyamba kupukuta thanki magazi akutsika pachigongono. Patatha chaka ndi miyezi iwiri chiigulireni, njinga inali yokonzeka kupita ku ofesi yoyeza magalimoto kuti iloledwe kuyenda pamsewu.

Anavala jekete ndi tayi. Pamzere wa ku ofesiko anthu anaizungulira njingayo, ena akujambula, ena akufunsa ngati akugulitsa. Anthu osawadziwa kuwamwetulira chinali chinthu chachilendo kwa a Tsegulani, ndipo anamva kukoma, ngakhale dzanja limodzi silinachoke pa thumba la makiyi. Pagulupo panali dalaivala wa lole amene kale ankalongedza sopo ku fakitale.

"A Tsegulani! Ndinu? Mwapanga nokha chimenechi?"

"Ndekha," anayankha, osatchula za mlamu.

Woyeza anali mayi wa ovolosi ya buluu, tochi ili m'manja. Anayesa nyali, anayesa mabuleki, anawerenga nambala ya injini n'kuchonga pa pepala. Kenaka anapotoza chiwongolero, n'kugwada, n'kuunika pakhosi. Anaunikanso. Anapititsapo chala, ndipo chalacho chinalowa m'kadzenje kaja n'kuima. Atadzuka nkhope yake inali itasintha. A Tsegulani anaizindikira nkhopeyo nthawi yomweyo, chifukwa ndi imene iwo ankavala pageti.

"Bambo, nambala ya felemu ili kuti?"

"Nambala mwaiona, ili pa injini."

"Imeneyo ndi ya injini. Ya felemu imakhala apa. Wapala apa ndani?"

"Ndine."

"Ndinu. Chifukwa?"

"Ndimafuna ndione ngati pali mng'alu."

Mayiyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. A Tsegulani nawo anadzimva okha mmene yankholo linamvekera. Linali ngati aja ankamva pageti, akuti sopoyu sindikudziwa walowa bwanji m'sokosi.

"Anthu opala malo amenewa timawadziwa, bambo," anatero mayiyo. "Amakhala akufufuta njinga ya eni ake. Ikani makiyi apa."

Wapolisi wa pa ofesipo anawagwira pachigongono n'kuwadutsitsa pabwalo lonse, pamaso pa mzere womwe uja. Amene ankajambula njinga tsopano ankajambula mwini wake. Dalaivala wa lole anali kukamwa yasa, foni ili kale kukhutu. Mkati anawakhazika pa benchi pakati pa anyamata awiri ogwidwa ndi ziphaso zabodza, ndipo wapolisi, osadziwa n'komwe kuti akulankhula ndi yani, anati, "Tsegulani chikwama, bambo." Anatsegula. Munali mapepala, sipanala ziwiri ndi kansalu kopukutira thanki. Anachitsekanso. Sankaopa ndende. Chimene chinkawadya mumtima n'chakuti panthawi imeneyo, kwinakwake, munthu anali kutchula dzina lawo ndi mawu akuti wakuba m'kamwa mumodzi.

Anaimbira akazi awo. Patapita maola atatu chitseko chinatseguka, n'kulowa mlamu uja ali mu ovolosi yake yobooka, pambuyo pake mayi wamasiye amene anagulitsa njinga, amene mlamuyo anakamutenga yekha kunyumba kwake. Mlamuyo sanawayang'ane a Tsegulani. Anaika foni patebulo la wapolisi n'kuyamba kuonetsa zithunzi. Choyamba chinali cha pakhosi pa felemu, atapakapo choko, nambala ikuoneka yonse, yofanana ndi ya pa mapepala. Zina zinali za felemu yomweyo isanadulidwe ndi itadulidwa.

"Kawotchereredwe aka ndi kanga, bwana," anatero. "Tiyeni panja mukafananitse. Akuluwa si akuba. Ndi ouma mutu chabe."

Mayi wamasiye anavomereza kuti njinga inali ya amuna awo. Wapolisi analemba zonse, n'kunena kuti a Tsegulani atha kupita, koma njinga itsala mpaka akatswiri adzathire mankhwala pakhosipo kuti aone ngati nambala ingatuluke m'chitsulo.

Panja dzuwa linali litapendeka. Anayenda awiri mpaka pageti. A Tsegulani anafuna kupepesa, koma m'kamwa mwawo njira ya mawu amenewo inali itamera udzu. Chimene chinatuluka ndi funso.

"Munajambuliranji nambala ija, alamu?"

"Ndimajambula felemu iliyonse yolowa m'shedi mwanga. Akuba amabweretsa njinga kuti tiziwasinthira maonekedwe."

"Ngakhale yanga?"

"Chitsulo sichinena kuti mwini wanga ndi m'bale wako." Mlamuyo anaima n'kuwayang'ana koyamba tsikulo. "Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndinajambula mwakachetechete. Sindinakufunseni pamaso pa anthu."

"Ndinalakwa," anatero a Tsegulani. Mawuwo anatuluka aang'ono, ngati a munthu wina.

"Ndamva. Kauzeni achemwali, ndi amene alira lero."

Patapita milungu itatu mankhwala aja anatulutsa nambala, yofooka koma yowerengeka. Njinga inabwezedwa, mapepala atsopano anatuluka, mlandu panalibe. Koma mbiri ya kugwidwa inali itayenda pa liwiro, pamene ya kumasulidwa inkabwera pambuyo wapansi, ndipo m'makomo ambiri sinafike n'komwe. Amene anasechedwa zaka makumi atatu anailandira ngati mvula yoyamba. Ena ankati tinkadziwa ife, munthu sangamadziwe malo onse obisa sopo ngati sanabisepo. Palibe ananena zimenezi pamaso pawo. Moni ankawapatsa, mwinanso wokoma kuposa kale, ndipo a Tsegulani ankadziwa bwino tanthauzo la moni wotero.

Tsiku lina m'mawa anakwera njinga yawo kupita ku sitolo ya zitsulo kukagula mabawuti awiri omangira nambala ya kumbuyo. Inkayenda bwino zedi, yopepuka, yomvera, kulira kwake kosalala. Mwini sitoloyo anali atawagulitsa mabawuti chaka chonse, ndipo chizolowezi chake chinali kuwaikira thireyi yonse pakauntala kuti asankhe okha, iye n'kumakachita zina kuseri.

"A Tsegulani! Yatuluka eti? Tinamva, tinamva. Pepani kwambiri, anthu ndi oipa."

Anatulutsa thireyi. A Tsegulani anasanthula, koma saizi imene ankafuna munalibe.

"Dikirani ndikaone m'katoni kuseri," anatero wa sitoloyo.

Anayenda mapazi awiri, n'kuima. Anabwerera akumwetulira, n'kunyamula thireyi ija.

"Ndingopita nayo, ndikafananitse saizi."

A Tsegulani anatsala okha pakauntala yopanda kanthu. Anafuna kupsa mtima, koma anasowa poyambira. Munthuyo sanawatukwane, sanawanamizire. Anangomva nkhani ya kasitomala wake n'kuchita mwanzeru, ndipo akanakhala iwo kuseri kwa kauntalayo, thireyiyo akanainyamula msanga kuposa pamenepo. Kuseri ankamva mabawuti akulira m'katoni. Anatulutsa manja m'matumba a jekete n'kuwaika onse awiri pakauntala, poonekera, n'kudikira.